Mpweya wa Auke, Mikunga ya Rinse

Marrit Wijbenga anafika pa malo a Hoekema Loweruka m'mawa, chisanu cha Novembala chitayamba kale kuluma makutu. Anaimika kagalimoto kake kantchito kuseri kwa galimoto yogonamo ya mchimwene wake, natsitsa mpukutu wa chingwe chamagetsi chonenepa ngati chala, ndi kabokosi katsopano ka maswichi kadakali m'katoni.

Mchimwene wakeyo, Auke, anali atakhala m'galimotomo zaka zinayi. Anaigula atapuma ntchito yopenta sitima pa doko la Harlingen, akuti azizungulira nayo mpaka ku Portugal, koma mapapo anamukanira. Fumbi la penti la zaka makumi atatu linali litamudya mkati. Galimoto ija inangoima pa udzu wa mlimi Hoekema pamodzi ndi zina zisanu, matayala ataphwa, mwini wake akupuma kudzera m'kapaipi kochokera ku makina a mpweya omwe ankang'ung'udza pansi pa tebulo.

Vuto linali magetsi. Chipilala chomwe ankalumikizako galimotoyo chinkapereka moto wochepa, maampu sikisi basi. Nthawi yotentha zinkakwana. Koma chisanu chikabwera, hita ili mkati, makina a mpweya ali mkati, munthu kungoyatsa ketulo swichi ya pachipilala inkagwa, zonse n'kuzima. Lachiwiri lapitalo Auke anatuluka atavala masilipasi kuti akaidzutse, naterereka pa udzu wonyowa, nagona pomwepo theka la ola akubanika, mpaka mayi wobweretsa makalata anamupeza.

Marrit anali wamagetsi. Anali atakoka mawaya m'sitima za padoko lomwelo zaka makumi awiri ndi zisanu. Atamva za kugwako sanafunse maganizo a mchimwene wake. Anaimbira foni Hoekema n'kumuuza kuti akufuna kukweza chipilalacho kufika maampu sikisitini. Mlimiyo anavomera, namusiyira kiyi wa khola lakale la ng'ombe momwe munali swichi yaikulu, namata timapepala pa zitseko za onse kuti Loweruka magetsi azima kwa maola awiri. Iye anapita ku ukwati wa mdzukulu wake ku Sneek.

"Chinjoka chanji chimenecho?" anafunsa Auke ali pakhomo, kapaipi kali m'mphuno.

"Chingwe chanu chatsopano, achimwene. Chakalecho muziyanikapo masokosi."

"Chimenechi ndinachigula chabwinobwino."

"Onani apa." Marrit anazula pulagi yakale n'kumuonetsa mano ake. Anali atada, pulasitiki yozungulira itafewa n'kuuma ngati chikang'a. "Mumagona pamoto inu. Khalani pansi, ndikuikeni pa silinda."

Silinda yachitsulo ya mpweya inali yokwana maola anayi. Marrit anamulumikiza mchimwene wake pa silindayo nthawi itangokwana naini, nazimitsa makina, nayamba ntchito mkati. Anachotsa kabokosi kakale pansi pa mpando, nakoka mawaya opyapyala omwe anali atakhala mmenemo chichokereni galimoto ku fakitale, nalowetsa onenepa. Anagona chagada m'kanjira kopapatiza, mapazi ali panja, tochi ili kukamwa. Auke ankamupatsira zipangizo uku akumunyoza kuti wanenepa.

"Pulayala, achimwene. Ayi, imeneyo ndi sipanala. Zaka zonsezi m'sitima munkaona chiyani?"

"Ndinkaona akazi a padoko."

Anadya buledi wa tchizi ataimirira, namwa khofi wa m'fulasiki. Nthawi ya leveni itayandikira za mkati zinali zitatha. Kunatsala chipilala. Marrit anapita kukhola kuja, nagwetsa swichi yaikulu, natseka bokosi lake ndi loko wake wofiira, napachikapo kachikwangwani kolemba dzina lake ndi mawu oti pali munthu akugwira mawaya. Atabwerera anayeza ndi tesita kawiri. Munalibe moto.

Atachotsa chivundikiro cha chipilala anaima kaye. Mkatimo munali waya wina yemwe sanayenera kukhalamo, wakuda, womangidwa mwachisawawa pamwamba pa swichi, pomwe moto umalowera usanadutse pa chitetezo chilichonse. Polumikizira pake panali patasungunuka. Wayayo ankatsika pansi n'kulowa m'dothi. Marrit anatsatira ndi maso mzere wa udzu womwe unamera mosiyana ndi unzake. Unkathera pa kontena yobiriwira ya Rinse Boonstra, kumapeto kwa mpanda.

Rinse aliyense ankamudziwa. Kale anali msodzi wa m'nyanja yaikulu, mpaka eni boti anamuchotsa atathyola nsagwada za mnzake. Tsopano ankatchera mikunga, nsomba zazitali ngati njoka, m'ngalande ngakhale miyezi yoletsedwa, n'kumaiwamba n'kugulitsa mobisa. Anthu a pamalopo ankagula kwa iye n'kukhala chete, ena chifukwa cha kukoma kwa mikungayo, ena chifukwa cha manja ake.

Marrit anatenga pulayala yodulira n'kudula waya uja.

Pasanapite mphindi zisanu mwini wake anatulukira, atavala magambutsi ndi epuloni ya labala, akununkha utsi ndi mafuta a nsomba. Anali wamtali, khosi ngati la nkhunzi.

"Ndani wazimitsa magetsi?"

"Ndine, bambo Boonstra. Pepala lili pachitseko chanu kuyambira Lachitatu."

"Ine sindiwerenga mapepala a Hoekema. Mafiriji anga atatu adzaza katundu. Kayatse."

"Ndiyatsa ndikamaliza, pasanathe ola. Koma mafiriji anuwo sayakanso kuchokera pano." Anamuonetsa nsonga ya waya wodulidwa. "Onani mmene munasungunulira apa. Tsiku lina chikanayaka chipilalachi, mchimwene wanga ali gone mita ziwiri kuchokera pano ndi silinda ya mpweya."

Rinse anayang'ana waya uja, kenako anayang'ana Marrit.

"Wadula waya wanga."

"Ndadula. Mukalankhule ndi a Hoekema akupatseni chingwe chanuchanu, ine ndikukokerani bwinobwino."

"Mayi iwe, kodi unayamba wamenyedwapo?"

"Ndagwira ntchito ndi amuna oposa inu. Sendezani mwendo, mwaponda tesita yanga."

Rinse sanasendeze. Anatsindira chidendene mpaka tesita ija inalira kuti phwa, kenako anatembenuka n'kumapita. Auke anasuzumira pawindo.

"Mlongo, musiye ameneyo. Bwezera waya wake, tidzakambe Lolemba."

"Tsekani windo, achimwene, mukutaya kutentha."

Marrit anagwada pa udzu wonyowa n'kupitiriza. Anachotsa swichi yakale, nachotsa polumikizira posungunuka paja, nasenda nsonga za mawaya atatu ochokera kukhola. Anamva kugogoda kwinakwake kumbali ya khola, kawiri kapena katatu, koma mphepo inali ikukuntha ndipo chitseko cha kholalo chinali chozolowera kumenyetseka. Anagwira waya wofiirira ndi dzanja lamanja kuti awongole nsonga yake.

Moto unamulowa ngati wina wamumenya ndi thabwa pachifuwa. Dzanja linafumbata lokha waya uja n'kukana kutseguka. Mano analumana, lilime lili pakati. Ankamva kulira kwa mkokomo m'mafupa, kuchokera pa chigongono kutsika mpaka m'mawondo momwe munanyowa, ndipo ankadziwa bwinobwino chomwe chikumuchitikira, ankadziwanso kuti sangakuwe. Chomwe chinamupulumutsa ndi kulemera kwa thupi lake. Miyendo itakungika anagwa chagada, waya n'kusolotoka m'dzanja ukusenda khungu.

Anagona akuyang'ana mitambo. Mtima unkagunda mosalongosoka, kuthamanga, kuima, kuthamanganso. M'kamwa munadzaza magazi. Thalauza linali litanyowa ndi mkodzo. Anakweza dzanja n'kuliona: pachikhatho panali mzere woyera wopsa, zala ziwiri zitapindika osafuna kuwongoka.

Magambutsi anafika pambali pa mutu wake. Rinse anali ndi chitsulo chokanulira mabokosi m'dzanja, ndipo loko wofiira uja anamuponya pamimba pa Marrit, atathyoka.

"Wadzuka? Tsopano bwezera waya wanga."

Munthuyu anali atadutsa pomwepo akupita kukhola kukathyola loko n'kukweza swichi yaikulu. Anali atamuona atagwada, manja ali m'chipilala. Kachikwangwani anakawerenga, kapena sanakawerenge, zinali chimodzimodzi. Marrit anadzigudubuza, nagwada, nalavula magazi. Pafupi ndi dzanja lake lamanzere panali chingwe chatsopano chija, kumapeto kwake kuli pulagi yaikulu yabuluu yolemera ngati mwala. Anachigwira mkono umodzi kuchokera kumapeto, nadzuka nacho, nachizunguza ndi mphamvu zonse zomwe zinatsala.

Pulagi inamupeza Rinse pakamwa. Mlomo unang'ambika, dzino linagwera pa epuloni. Munthu wamkuluyo anadzandira, nagwira pakamwa, nayang'ana magazi m'dzanja lake modabwa.

"Galu iwe!"

Anamugwira tsitsi n'kumenyetsa nkhope yake pa khoma la galimoto. Kamodzi. Kawiri. Marrit anamva mphuno ikuthyoka, maso n'kudzaza madzi. Anatchinjiriza ndi mkono wamanja chitsulo chija chikubwera, ndipo chinagwera pansi pa chigongono. Fupa linalira ngati nthambi youma. Anagwa pansi, Rinse n'kumuponda m'nthiti ndi gambutsi.

"Ndikuswa lero! Ukudziwa ndalowa m'madzi kangati kuti ndipeze katundu ameneyo? Ukudziwa?"

Chitseko cha galimoto chinatseguka. Auke anatsika masitepe awiri aja akukoka silinda pa kangolo kake, nkhope itatuwa.

"ARinse! Musiyeni mlongo wanga! Mwamupha kale, mukufunanso chiyani?"

"Bwerera mkati, chifuwa iwe."

Auke sanabwerere. Ananyamula silinda ija ndi manja onse awiri, munthu yemwe ankalephera kunyamula ndowa ya madzi, naiponya pa msana wa Rinse. Inamugunda paphewa mopanda mphamvu n'kugwera pa mwala wa pakhomo chamutu. Kampopi kake kanathyoka, mpweya n'kuyamba kutuluka ukulira mluzu. Rinse anatembenuka, nakoka kapaipi m'mphuno mwa Auke, namukankha pachifuwa ndi chikhatho. Auke anagwera pa masitepe, mutu n'kugunda chitsulo.

Marrit anaziona ali pansi, ndi diso limodzi. Sikuludiraiva yake yaitali inali pa udzu pomwe inagwera. Anaitola ndi dzanja lamanzere, nakwawa ndi mawondo, naibaya kuseri kwa ntchafu ya Rinse, pamwamba pang'ono pa gambutsi, mpaka chigwiriro chinakhudza thalauza.

Rinse anabangula. Mwendo unapindika, nagwa chammbali, chitsulo chija n'kumupulumuka. Marrit anachitola. Dzanja la Rinse linabwera kuti limugwire pakhosi ndipo analimenya, zala n'kupindikira kumbuyo. Anamenyanso pa bondo. Kenako anaimirira pamwamba pake, chitsulo chili m'mwamba, akuyang'ana pamphumi pomwe panali thukuta ndi udzu. Rinse anatchinga nkhope ndi dzanja lothyoka lija. Marrit ankafuna kumenya. Mkono unali utayamba kale kutsika.

Kumbuyo kwake Auke ankakoka mpweya ndi phokoso lomwe Marrit anali asanalimvepo, ngati chitseko cha dzimbiri. Anatembenuka. Milomo ya mchimwene wake inali ikuda. Silinda inali italeka kulira.

Anaponya chitsulo chija kuseri kwa mpanda, m'ngalande.

Mayi Sietske Algra, wamasiye wokhala m'galimoto yachitatu, anali ataima pakati pa udzu atavala gauni, foni ili kukhutu.

"Ambulansi akuti mphindi twente," anatero. "Mlatho wa pamsewu waukulu aukweza m'mwamba, pansi pake pakudutsa sitima."

Mphindi twente zinali zambiri. Makina a mpweya anali pansi pa tebulo, mawaya onse a mkati anali okonzeka, koma chipilala chinali chotsegula, nsonga zitatu zili poyera ndi moto.

"Mayi Algra." Mawu ankatuluka movuta chifukwa cha lilime. "Thamangani kukhola. Bokosi lotuwa pakhoma, chigwiriro chachikulu chakuda, muchikokere pansi. Mukaime pomwepo. Aliyense akabwera mum'lume. Musachikweze mpaka mutamva ine ndikukuwa dzina lanu."

Mayiyo anathamanga, gauni ikuuluka. Marrit anamukhazika Auke motsamira tayala, nam'masula mabatani a pakhosi.

"Pumani pang'onopang'ono, achimwene. Muzituluza ngati mukuziziritsa supu. Ndikubwera."

"Ndagwetsa!" anakuwa mayi Algra ali kutali.

Tesita inali itaphwanyika. Marrit anatenga pulayala n'kugunditsa mawaya awiri, nkhope atayang'ana kumbali. Sipanatuluke moto. Anagwadanso pamalo pomwe paja. Mkono wamanja unali lende, ndipo nthawi iliyonse akasuntha ululu unkafika mpaka m'mano. Sikuludiraiva yaitali inali m'ntchafu mwa Rinse, choncho anafufuza m'bokosi yaifupi. Swichi yatsopano anaikhoma pa kanjanji kake ndi chibakera. Waya woyamba anaulowetsa ndi dzanja lamanzere, koma atangousiya kuti atenge sikuludiraiva unatuluka. Anayesanso, unatulukanso. Kachitatu anauluma ndi mano pamwamba pa labala wake, naukankhira m'bowo ndi mutu, namanga sikulu magazi a m'mphuno akudonthera pa swichi.

Rinse anali atakwawira pa mpanda, akubuula.

"Ndizule chinthuchi, mayi iwe. Ndikutha magazi."

"Mukachizula ndiye mufa. Chisiyeni pomwepo."

Sanamuyang'ane. Masikulu anali asanu ndi limodzi, ndipo ankawawerenga mokweza. Pa lachinayi maso anachita chidima, nagoneka mphumi pa chipilala mpaka chidimacho chinapita. Atamaliza anakoka chingwe chatsopano, nalowetsa mbali imodzi pa khoma la galimoto. Pulagi yabuluu ija inali ndi magazi a Rinse. Anaipukuta pa thalauza n'kuikankha mu soketi ndi bondo.

"Mayi Algra! Kwezani!"

Anadikira kuti chinachake chiphulike. Panalibe chinaphulika. Anakweza swichi ya pachipilala, nakwera m'galimoto ndi mawondo, nakweza ya mkati, nadina batani la makina. Analira kamodzi n'kuyamba kung'ung'udza. Paipi yake inali yaitali yokwana kufika panja. Anaikoka mpaka pa tayala, naiika m'mphuno mwa Auke, natsegula mpaka pamapeto, n'kukhala pansi pambali pake.

Anakhala choncho, mapewa atagundana. Patapita nthawi phokoso la pakhosi lija linayamba kuchepa.

"Nkhope yako," ananong'ona Auke.

"Musalankhule."

"Yaipa."

"Ndati musalankhule, achimwene."

Ambulansi zinabwera ziwiri, apolisi pambuyo pake. Marrit anagona masiku atatu ku chipatala cha ku Leeuwarden atamumata mawaya pachifuwa oyang'anira mtima, mkono uli ndi zitsulo. Wapolisi wamkazi yemwe anabwera kudzamufunsa anafuna kudziwa chifukwa chomwe anamenyera Rinse pa bondo atagwa kale.

"Ndinkafuna asadzukenso," anayankha Marrit. "Ndipo ndikanamumenya pamutu. Mulembe zimenezo."

"Koma simunamenye."

"Sikuti ndinamumvera chisoni. Mchimwene wanga ankabanika."

Wapolisiyo analemba. Loya wa Marrit atawerenga anagwira mutu, koma khoti linaona loko wothyoka, kachikwangwani ndi chikhatho chopsa, ndipo linamva mayi Algra, yemwe anaona Rinse akulowa m'khola ndi chitsulo. Khotilo linalamula Rinse kukhala kundende zaka zitatu. Analowa m'khotimo akutsimphina ndi ndodo, ndipo madokotala anati azitsimphina mpaka kalekale. Khoti linapeza Marrit wosalakwa pa kubaya kuja, koma pa bondo linamupatsa chilango chogwira ntchito zachitukuko maola makumi anayi, zomwe anazigwira posanja zovala m'sitolo ya zachifundo. Mafiriji atatu aja anaiwalika m'kontena sabata yathunthu opanda magetsi. Hoekema atatsegula anasanza pa nsapato zake, ndipo fungo linakhala pamalopo mpaka Khirisimasi.

Zala ziwiri za Marrit sizinawongokenso. Kupadoko anamusamutsira ku ofesi yoyendera ntchito za anzake, ndipo anyamata a m'sitima anayamba kumuopa chifukwa cha nkhani ya maloko: akapeza bokosi lamagetsi losakhoma munthu akugwira mawaya, ankaimitsa ntchito yonse tsiku limenelo. Kwa miyezi ingapo sankatha kugwira waya wosenda, ngakhale wodulidwa mbali zonse ziwiri uli pa tebulo, osayamba wauyeza.

Auke anatuluka m'chipatala patatha masiku khumi ndi awiri. Madokotala ankafuna apite kunyumba yosamalira okalamba, iye anakana, nabwerera m'galimoto yake. Mu Januwale, atangomuchotsa pulasitala, Marrit anapitanso kumeneko ndi tesita yatsopano ndi maloko awiri. Sankakhulupirira ntchito yomwe anaigwira ndi dzanja lamanzere ndi mano. Anatsegula chipilala, napeza kuti sikulu lachinayi linali lisanafike pamapeto. Analimanga, nayeza zonse, natseka chivundikiro, kenako analemba pa kapepala tsiku ndi dzina lake n'kumata mkati mwa chitseko cha chipilalacho, monga amachitira akamaliza ntchito m'sitima.